Ndalama ndi za boma, nanga mlandu ndi wa yani? Mbiri ya mkangano wa apolisi ku England ndi Wales

Ku England ndi Wales kuli magulu 43 a apolisi a m'madera, lililonse ndi mkulu wake. Kulibe munthu mmodzi wolamula apolisi a dziko lonse. Eni dziko amanyadira zimenezi, amati ndi zomwe zimatchinga andale kuti asamatume apolisi ngati anyamata awo. Nzoona ndithu. Koma dongosolo lomweli ndi limene limapatsa boma pobisala zinthu zikafika povuta.

Apolisi a mumzinda wa London anakhazikitsidwa mu 1829 ndi a Robert Peel, omwe anali nduna ya za m'dziko. Madera ena anachita chidodo, poti eni minda ndi amalonda omwe ankayendetsa maderawo sankafuna msonkho wina. Mu 1856 nyumba ya malamulo inalamula kuti dera lililonse likhale ndi apolisi, ndipo boma linaikapo nyambo. Linalonjeza kulipira gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ndi yunifolomu, bola oyendera ochokera ku likulu atsimikize kuti apolisiwo alipo okwanira komanso ndi amwambo. Mu 1874 gawo la boma linakwera kufika theka. Ndiye kuwerenga mitu ya apolisi si nkhani ya dzana. Ndalama ndi chiwerengero zinamangidwa chingwe chimodzi kuyambira kalekalelo.

Lamulo la mu 1964 linagawa udindo patatu: nduna ya za m'dziko, komiti ya m'dera, ndi mkulu wa apolisi, yemwe sauzidwa ndi wandale aliyense woti amugwire kapena kumusiya. Ndalama nazo zimachokera kuwiri, ku thumba la boma kudzera ku unduna wa za m'dziko wa Home Office, ndi ku msonkho womwe khonsolo imatolera pa nyumba iliyonse.

Kuipa kwa kagawidweka kunaonekera poyera mu 2010. Boma la mgwirizano lotsogozedwa ndi a David Cameron a chipani cha Conservative, nduna ya zachuma ali a George Osborne ndipo ya za m'dziko ali a Theresa May, linalengeza kuti ndalama zomwe likulu limapereka kwa apolisi zitsika ndi 20 pa 100 iliyonse m'zaka zinayi. M'mwezi wa Malichi 2010 apolisi analipo pafupifupi 143,000. Pofika 2018 anali atatsala pafupifupi 122,000. Ogwira ntchito za m'maofesi nawo anachepa, ndipo maofesi a polisi mazanamazana anatsekedwa. Mpeniwo sunacheke mofanana. Dera lolemera ngati Surrey, komwe nyumba ndi zodula ndipo msonkho wa khonsolo umabweretsa zambiri, linapirira. Madera ngati Northumbria ndi West Midlands, omwe amadalira kwambiri thumba la boma, ndiwo anamva kuwawa.

Nduna ikafunsidwa za apolisi omwe achepa m'dera lakutilakuti, yankho linali lokonzeratu: kulemba ndi kugawa apolisi ndi nkhani ya akuluakulu a m'deralo. Ndipo boma linali litadzipezera kale wina wosenza katunduyo. Lamulo la mu 2011 linathetsa makomiti aja n'kubweretsa makomishinala osankhidwa ndi anthu, amene amakonza bajeti ya apolisi, kuika mlingo wa msonkho wa m'dera, ngakhale kuchotsa mkulu wa apolisi. Pa chisankho choyamba mu Novembala 2012 anakavota anali anthu pafupifupi 15 okha pa 100 aliwonse. Ambiri sankadziwa n'komwe kuti komishinalayo ndi ndani. Mu Meyi 2015, pa msonkhano wa bungwe loimira apolisi la Police Federation, a May anadzudzula apolisiwo maso ndi maso kuti asiye kuopseza anthu chaka ndi chaka ndi zoopsa zomwe sizichitika.

Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti unduna womwewu, nduna yomweyi, ndi umene umaona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Pamene apolisi ankachepa, ntchito yosaka anthu opanda zikalata inkakula. Mu 2012 a May ananena poyera kuti akufuna dziko likhale lowawa kwa aliyense wokhalamo mosatsata malamulo. Chaka chomwecho apolisi a mu London anayamba kugwira ntchito limodzi ndi a zolowa ndi kutuluka pa ndondomeko ya Operation Nexus, yofufuza mbiri ya nzika zakunja zomwe zamangidwa. Mu 2013 magalimoto okhala ndi zikwangwani zouza anthu kuti abwerere kwawo apo ayi amangidwa anazungulira madera ena a London. Malamulo a mu 2014 ndi 2016 anasandutsa eni nyumba zalendi ndi mabanki kukhala alonda a malire, oti azifunsa zikalata. Kunena mosapsatira, boma linapeza asaki aulere.

Msamphawo unakola anthu omwe sanalakwe kanthu. Kuyambira mu Juni 1948, pomwe sitima ya Empire Windrush inakocheza pa doko la Tilbury ku England, anthu ambiri ochokera ku zilumba za Caribbean anabwera kudzagwira ntchito, ena ali ana olembedwa pa pasipoti ya makolo. Lamulo la mu 1971 linawapatsa ufulu wokhala mpaka kalekale onse omwe anali atakhazikika isanafike Januwale 1973, koma boma silinawapatse chikalata chosonyeza zimenezo. Makadi omwe analembedwa pofika pa doko anawonongedwa ndi unduna mu 2010. Patapita zaka makumi anayi kapena asanu, agogo omwe anakulira, kugwira ntchito ndi kukhoma msonkho m'dzikomo anauzidwa kuti abweretse umboni wa chaka chilichonse. Ena anachotsedwa ntchito, ena anakanizidwa chithandizo cha kuchipatala, ena anatsekeredwa, ndipo osachepera 83 anatulutsidwa m'dziko molakwika. Nkhani ya makadi itaphulika, zipani ziwiri zazikulu zinayamba kukankhirana: a Conservative amati chiganizocho chinapangidwa mu 2009 Labour ikulamula, a Labour amati makadiwo anawonongedwa Conservative ili pampando.

Amene anagwa nayo nkhaniyi sanali mwini ndondomeko. Mu Epulo 2018 a Amber Rudd, omwe analowa m'malo mwa a May ku undunawo, anauza komiti ya aphungu kuti unduna ulibe chiwerengero choikika cha anthu oti athamangitsidwe. Nyuzipepala ya Guardian inatulutsa zikalata zosonyeza kuti chiwerengerocho chinalipo, kuphatikizapo kalata yawo yomwe yonena zokweza othamangitsidwa ndi zoposa 10 pa 100. Pa 29 Epulo anatula pansi udindo. A May anali nduna yaikulu nthawiyo, ndipo anakhalabe. Kafukufuku yemwe boma linapempha a Wendy Williams kuti achite, yemwe anatuluka mu Malichi 2020, anapeza kuti tsokali linkaoneka likubwera ndipo likanapewedwa.

Kwa apolisi enieniwo, kusakaniza ntchito ziwirizi kunabala vuto lina. Mu Disembala 2018 mabungwe omenyera ufulu wa anthu a Liberty ndi Southall Black Sisters anadandaula kuti apolisi amapereka maina a anthu odzadandaula milandu, ngakhale amayi omenyedwa m'banja, ku nthambi yosaka opanda zikalata. Mayi wotere amasankha kupirira nkhonya kusiyana n'kupita ku polisi, ndipo womumenyayo amadziwa zimenezo. Patatha zaka ziwiri mabungwe atatu oyang'anira ntchito za apolisi anavomereza kuti mchitidwewu ukuvulaza anthu. Mu 2021 Home Office inakana kuika mpanda weniweni pakati pa nthambi ziwirizi.

Chiwerengero chomwe boma limafuna kuti aliyense amve, ndiye linachiimbira ng'oma. Mu Julayi 2019 nduna yaikulu yatsopano ya Conservative, a Boris Johnson, analonjeza apolisi atsopano 20,000, ndipo mu Epulo 2023 boma linalengeza kuti lakwanitsa. Chipani chomwe chinawachepetsa ndi chomwe chinawabweza, ngati munthu wokulanda mbuzi zazikulu khumi n'kukubwezera tiana khumi, kenako n'kudikira kuti umuwombere m'manja. Odziwa ntchito ambiri anali atapita, pafupifupi wapolisi mmodzi mwa atatu aliwonse anali asanathe zaka zisanu pa ntchito, ndipo anthu m'dzikomo anali atachuluka kuposa mu 2010.

Mu Novembala 2025 boma la Labour linalengeza kuti maudindo a makomishinala aja atha mu 2028, ntchito yawo ipite kwa mameya ndi atsogoleri a makhonsolo. Koma njira yomwe likulu limawerengera ndalama za dera lililonse ndi yakale. Unduna unayesa kuisintha mu 2015, n'kulekeza panjira utavomereza pamaso pa aphungu kuti masamu ake anali olakwika. Zaka khumi zinatha popanda njira ina yatsopano.