Chowambira nyama cha mapeleti: chisamalireni ngati firiji

Mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, bambo wina wa ku Moatize anandiimbira foni. "Amisiri, chinthu chija chafa. Chikungong'ung'uza koma moto osayaka, ndipo Loweruka kukubwera alendo." Chinthu ankanenacho ndi pellet smoker, chowambira nyama chimene mlamu wawo anawabweretsera kuchokera ku Johannesburg. Ndinachipeza pakhonde, pomwe madzi a padenga amathothokera. Mota inali yamoyo, koma mapeleti anali atamwa madzi, n'kufufuma, n'kuumira m'paipi ngati simenti. Masana onse anathera pa kugoba ndi kachitsulo.

Ntchito yanga ndi yokonza mauvuni, mafiriji ndi zipangizo zina za m'makhitchini a malo ogona alendo ndi m'makampu a antchito, ndipo masiku ano zowambira zimenezi ndikuzipezanso kumakomo a anthu. Amene amandiitana pafupifupi onse amalakwitsa pamalo amodzi. Poona kuti chimafuka utsi ndipo chimakhala panja, amachiyesa mbaula ya kanyenya. Mbaula umatha kuiiwala pamvula, m'mawa n'kuigwedeza phulusa, n'kusonkhapo makala. Ichi ndi uvuni yoyendera magetsi imene imangodya nkhuni, ndipo chisamaliro chake chimafanana ndi cha firiji.

Mmene chimagwirira ntchito ndi motere. Kumbali kuli bokosi, tingoti nkhokwe, momwe mumathira mapeleti. Amene munawetako nkhuku zoyera maonekedwe ake mukuwadziwa, kungoti awa ndi utuchi wa mitengo wopanikizidwa mwamphamvu, kunenepa kwake pafupifupi mamilimita 6. Pansi pa nkhokwe pali chitsulo chopotana ngati cha m'makina ogayira nyama. Mota imachizunguza pang'onopang'ono, icho n'kumakankha mapeleti m'paipi mpaka kukagwera m'kambale kachitsulo kosaposa kapu yaikulu. M'kambalemo muli kachitsulo kamene kamapsa ndi magetsi n'kuyatsa mapeleti, ndipo fani imapemerera. Pamwamba pa motowo pali malata awiri, loyamba lomwaza kutentha, lachiwiri lopendekeka lotsetserera mafuta ku kachidebe kolendewera kunja. Lawi silifika pa nyama. Kachitsulo kena kam'kati kamayeza kutentha n'kumauza kakompyuta, ndipo kakompyutako ndi kamene kamalamula mota kuti iwonjezere kapena ichepetse mapeleti.

Nzeru imeneyi inachokera kwa Joe Traeger wa ku Oregon, ku America, amene anapanga choyamba mu 1985 n'kuchilembetsa mu 1986 kuti wina asachikopere. Chitetezocho chitatha mu 2006 ndi pamene makampani ena anakhamukira, n'chifukwa chake lero mumamva za Pit Boss, Camp Chef, Green Mountain Grills ndi ena. Ndatchula mbiriyi kuti muone kumene chinabadwira: dziko lomwe mapeleti amagulitsidwa m'sitolo yapafupi ndipo magetsi sazimazima. Kuno zonse ziwirizi muyenera kuziganizira nokha.

Mapeleti alibe guluu. Chimene chimawagwira ndi utomoni wachilengedwe wa mu mtengo womwewo, umene umasungunuka ndi kutentha kwa makina opanikizira. Amachoka ku fakitale ali ndi madzi osapitirira magawo 10 pa 100, ndipo akangokumana ndi chinyezi amabwerera kukhala utuchi. Peleti labwino limanyezimira ndipo mukalithyola limathyoka mwakamodzi. Likamafumbutuka m'zala, thumba lonselo musalithire m'nkhokwe. Sungani mapeleti m'chidebe cha malita 20 chokhala ndi chivindikiro chothina, m'nyumba, pamwamba pa thabwa. M'dzinja, mukamaliza kuphika khuthulani nkhokwe yonse, kenaka yendetsani mota mpaka paipi itatsala yopanda kanthu. A ku Ulónguè, Tsangano ndi Furancungo, komwe nkhungu imachedwa kuchoka m'mawa, lamulo limeneli ndi la chaka chonse.

Matumba ambiri amakhala a makilogalamu 9. Pa moto wochepa chimadya pafupifupi theka la kilogalamu pa ola, pa moto waukulu chimapitirira kilogalamu. Phewa la mbuzi limodzi lingakudyereni makilogalamu 3 kapena 4. Choncho amene amandifunsa ngati agule, ndimawauza kuti ayambe apeza kaye wowabweretsera mapeleti mosadukiza, kaya ndi ku Maputo kaya ndi dalaivala wa thiraki yodzera pa Cuchamano. Popanda zimenezo, miyezi itatu isanathe chidzakhala poikira mazira nkhuku.

Mapeleti akatha anthu amayesa zambiri, ndipo zonsezo ndazionapo. Makala amathyola chitsulo chopotana chija kapena kupsereza mota. Chakudya cha nkhuku chimangonyeka n'kusiya chimatope. Mapeleti a paini opangidwira kutenthetsa nyumba kapena kuyalira amphaka ali ndi utomoni wowawitsa nyama, ndipo sanapangidwe moganizira chakudya. Utuchi wa kwa kalipentala ndiye ayi ndithu, chifukwa umasakanikirana ndi wa matabwa opaka penti ndi omizidwa m'mankhwala a chiswe. Gulani olembedwa kuti ndi ophikira, a mitengo yolimba monga oak, hickory kapena apulo. Kwa mbuzi ine ndimakonda oak. Kwa nsomba ndi nkhuku apulo sakuwa kwambiri.

Tibwere ku magetsi. Inde, damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, koma aliyense amadziwa kuti mphezi ikang'anima m'Disembala nyali zimaphethira. Musanalumikize, werengani kachitsulo kolembedwa kumbuyo. Magetsi athu ndi a mavoti 220 pa 50 Hz, ofanana bwino ndi a ku South Africa. Chochokera ku America chimafuna mavoti 110 mpaka 120 pa 60 Hz, ndipo mukachilowetsa m'khoma mwachindunji kakompyuta kamapsa nthawi yomweyo. Thiransifoma imatsitsa mavoti koma 50 Hz imakhala yomweyo, ndiye mota ndi fani zimayenda mochedwerapo pang'ono.

Credelec yanu, mita ya magetsi olipiriratu ija, siivutika. Poyatsa chimakoka mawati pafupifupi 300 kwa mphindi zinayi kapena zisanu, kenaka chimatsikira cha m'ma 50, ngati babu limodzi lakale. Choopsa ndi kuzima kwa magetsi nyama ili m'kati. Fani ikaima, moto umayamba kunyeka m'malo moyaka, ndipo nthawi zina umakwawa m'paipi kubwerera ku nkhokwe. Magetsi akabwera munthu amathamanga kukadina batani, mota n'kuthira mapeleti atsopano pamwamba pa osapsa aja. Utsi woyera wochindikala umadzaza m'kati, kenaka umayaka wonse pakamodzi, chivindikiro n'kudumpha. Ndinaonapo nsidze zowauka chifukwa cha zimenezi. Magetsi akazima, chotsani nyama, dikirani chizizire, tulutsani malata aja, kokolani m'kambale muyere, kenaka yatsani chivindikiro chili chotsekula mpaka mutamva moto ukulilima. Nyamayo isamadikire nanu. Tizilombo timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo m'kutentha kwa kwathu kuno ola limodzi ndi lokwanira kuti muisamutsire mu uvuni kapena pa mbaula. Amene angakwanitse, batire ndi inveta ya mtundu wa pure sine wave zimathetsa nkhawa yonseyi, poti mawati ake ndi ochepa.

Pozimitsa musamangozula pulagi. Batani lozimitsira limaimitsa mota koma limasiya fani ikuzungulira kwa mphindi 10 kapena 15 kuti otsala m'kambale apse athe. Ana a pakhomo auzeni, chifukwa iwo ndiwo amakonda kuthandiza pozula.

Phulusa ndi lochepa poyerekeza ndi la nkhuni, n'chifukwa chake anthu amaliiwala. Koma kambale kaja n'kakang'ono. Phulusa likakwirira kachitsulo koyatsira moto umakana, likatseka timabowo ta mpweya kutentha kumangokwera n'kutsika. Likokoleni mukaphika kawiri kapena katatu, ndiponso nthawi zonse musanayambe nyama ya maola ambiri, chitazizira kotheratu. Lata lopendekeka likuteni ndi foyilo, muzisintha ikada. Mafuta a mbuzi amaundana ngati kandulo n'kutseka njira yopita ku kachidebe, ndipo tsiku limene mudzakweze moto kufika pa 230 kuti muotche nkhuku msanga ndi limene adzayake. Akayaka, tsekani chivindikiro, zimitsani, madzi musathire. Kachidebe ka mafuta muzikalowetsa usiku, apo ayi agalu ndi linthumbu adzakugawirani ntchito. Timakoko takuda tomatuka kunsi kwa chivindikiro ndi mwaye wosakanikirana ndi mafuta, palani ndi kathabwa tisanagwere m'chakudya. Kachitsulo koyezera kutentha kapukuteni ndi kansalu konyowa, chifukwa kakakutidwa ndi mwaye kamanamiza kakompyuta.

Chigawo chathu chili ndi nyengo ziwiri zosiyana ngati maiko awiri. Mumzinda wa Tete, m'Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo chitsulo chakuda chikakhala padzuwa chimatentha chokha. Kakompyuta kamaganiza kuti moto wakwana, n'kuchepetsa mapeleti mpaka moto kuzima. Chiikeni pamthunzi wotseguka mbali zonse. M'garaja kapena m'khitchini musayatsiremo, utsi wake uli ndi mpweya wakupha womwe uja wa mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Ku Angónia m'Juni ndi Julayi vuto ndi mphepo yozizira, imene imaba kutentha, mapeleti n'kumatha msanga. Khoma lotchinga mphepo limathandiza kuposa china chilichonse.

Tsono kuphika. Kumene chowambirachi chimapambana mbaula ndi pa nyama yolimba, ndipo ife nyama yotero tili nayo. Mbuzi ya ku Tete, yoyenda mtunda ikudya masawu ndi malambe, imakoma mpaka Maputo amaidziwa, koma pa makala imauma kunja m'kati mitsempha ikadali ngati mphira. Mitsemphayo imasungunuka ikakhala maola ambiri pa kutentha kochepa. Tengani phewa, lipakeni mchere usiku, m'mawa onjezani adyo, mandimu, piripiri ndi mafuta pang'ono. Ikani pa madigiri 107 mpaka 120. Utsi umatuluka wambiri pa moto wochepawu, ukakwera utsi umachepa.

Pakadutsa maola atatu kapena anayi mudzaona chodabwitsa. Kutentha kwa m'kati mwa nyama kumaima cha pakati pa 65 ndi 75, osasuntha, mwina kwa maola awiri. Apa ndi pamene anthu amandiimbira kuti makina awonongeka. Nyama ikungochita thukuta, ndipo thukutalo likuiziziritsa monga limachitira nafe. Mbuzi ilibe mafuta ambiri m'mnofu, choncho ine ndimaikulunga mu foyilo pamenepo, ndi msuzi pang'ono, n'kuibwezera mpaka ifike 93 kapena 95. Ikatero fupa limasolola lokha. Ipumitseni yokulungidwa kwa ola musanaidule. Mzere wofiirira umene mudzauone kunsi kwa khungu ndi mpweya wa mu utsi umene wagwira mtundu wa nyama, alendo asakuuzeni kuti ndi yaiwisi.

Manambala a 65 mpaka 95 aja ndi a m'kati mwa nyama, ndiye gulani choyezera cholasa. Wotchi simuuza kanthu. Nkhuku ifike 74 pa ntchafu. Pa moto wochepa khungu lake limatuluka lotafunika ngati chikopa, choncho ipatseni utsi kwa ola, kenaka kwezani kufika cha m'ma 180. Nkhumba yathunthu mabuku amati 63 n'kuipumitsa mphindi zitatu, yogaya 71, koma nkhumba yogula pamsika wa kumudzi ine ndimaifikitsa 71 kapena kupitirira. Ku Angónia nkhumba zoyendayenda zimapezeka ndi timatuza toyera ngati mpunga m'mnofu, tomwe timabala njoka ya m'mimba mwa munthu. Utsi sutipha, ndipo nyama yooneka nato musaigule n'komwe.

Pende, nsomba ya ku Cahora Bassa, amakoma kwambiri mu chowambirachi. Muvikeni ola limodzi m'madzi a mchere, masipuni anayi pa lita, muumitseni mufiriji mpaka khungu limate pang'ono, kenaka madigiri 90 mpaka m'kati mufike 63. Apa pali msampha kwa ife amene tinakulira pa nsomba zowamba. Mlamba wowamba wa pamsika kapena chicoa zimakhalitsa chifukwa zauma ndi moto, dzuwa kapena mchere wambiri. Pende uyu ndi wophika chabe, madzi ake akadali momwemo. Malo ake ndi mufiriji, ndipo adyedwe pasanathe masiku atatu kapena anayi.

Chimodzi ndikuuzireni poyera: utsi wake ndi wofatsa. Amene munazolowera nyama ya pa nkhuni za tsanya mudzaona ngati chinachake chasowa, ndipo siteki yopsa kunja yofiira m'kati mbaula imaitha bwino kuposa ichi. Bambo wa ku Moatize uja anazindikira zimenezi Loweruka lomwelo. Phewa la mbuzi linalowa 5 koloko m'mawa, ndipo poyandikira nkhomaliro anasonkhanso makala pambali kuti aotchere chiwindi ndi soseji. Mayi a kunyumba anandipatulira mbale, n'kundifunsa ngati chidebe cha penti chotsukidwa chingasunge mapeleti. Ndinawauza kuti agule chatsopano.