Bungwe losunga mbiri si nkhokwe ya zakale za akuluakulu okha

Ambiri akamva za bungwe losunga mbiri amaganiza za chinyumba chafumbi chodzaza ndi mfuti zadzimbiri komanso zithunzi za atsogoleri. Maganizowa akhalitsa, koma ndi olakwika, ndipo amanyozetsa ntchito yaikulu. Taonani bungwe la Wisconsin Historical Society la mumzinda wa Madison ku America.

Bungweli linayamba mu 1846, kutatsala zaka ziwiri kuti Wisconsin ilandiridwe ngati limodzi la maboma a United States. Mlembi wake kuyambira 1854, a Lyman Draper, ankayenda mitunda italiitali kukacheza ndi nkhalamba zomwe zinaona nkhondo zakale, cholembera kumanja, mawu awo n'kumalowa m'kope. Zomwe anasonkhanitsa zinadzaza mabuku pafupifupi 500.

Chondigwira mtima kwambiri ndi cha m'zaka za m'ma 1960. Nkhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda ikadali mkati, ophunzira ena anatumidwa kumwera, mpaka ku Mississippi, kukapempha makalata, timapepala toitanira misonkhano ndi zolemba za anthu wamba. Akanadikira kuti zikalambe kaye, zambiri zikanathera kudzala.

Bungweli limasunganso nyuzipepala za m'timatauni ting'onoting'ono, momwe mbadwa imapeza dzina la agogo ake pa tsamba la zamaliro. Ku Eagle, m'boma lomwelo la Wisconsin, pamalo a bungweli otchedwa Old World Wisconsin omwe anatsegulidwa mu 1976, kuli nyumba ndi makola a alimi ochokera ku Germany, Norway ndi Finland, zomwe anaziphwasula komwe zinali m'madera ena a Wisconsin n'kudzazimanganso pamenepo.