Ma bodi a madokotala ku America sapanga zinthu paokha

Ambiri mumaganiza kuti ku America laisensi ya dokotala imachokera ku boma la ku Washington, kapena kuti ma bodi a madokotala amangodzipangira malamulo andale osalowererapo. Ayi ndithu sizili choncho. Steti iliyonse (chigawo cha America chokhala ndi boma lakelake) ili ndi bodi yakeyake yopereka malaisensi kwa madokotala ndipo bodiyo imakhazikitsidwa ndi lamulo lomwe aphungu a steti imeneyo anapanga, khoti lalikulu la America linavomereza kalekale mphamvu imeneyi ya masteti mu 1889 pa mlandu wa Dent v. West Virginia. Aphungu akasintha lamulo bodi imatsatira basi, komanso mmasteti ambiri mamembala ake amasankhidwa ndi gavanala.

Taonani ku steti ya Tennessee mu 2021, bodi inachenjeza kuti dokotala wofalitsa mabodza a katemera wa Covid atha kulandidwa laisensi, aphungu ena anakwiya mpaka kuopseza kuti aithetsa bodiyo, pofika Disembala bodiyo inachotsa chenjezo lija pa webusaiti yake. Zimenezi ine zimandiwawa chifukwa wovutika ndi wodwala amene akungokhulupirira dokotala wake. Ku California aphungu anapanga zosiyana, mu 2022 anakhazikitsa lamulo lolanga madokotala otere koma mu 2023 analichotsanso okha.