Ng'oma za ku Mkaika m'zimbale za ambient: kubwereka kapena kuba?

Chimbale cha ambient, nyimbo zodekha zoyenda pang'onopang'ono, chikangotuluka m'tisitudiyo ta m'nyumba ku Kapata kapena ku Mchini mumzinda wa Chipata, mkangano suchedwa. Ena amati mnyamatayo wapeka zake, ena amati wangotola ng'oma za pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika n'kuzimiza mu reverb, kuti zimveke ngati zikulira m'phanga. Mkanganowu ndi wakale kuposa FL Studio, pulogalamu ya pakompyuta yopangira nyimbo imene anyamatawa amagwiritsa ntchito.

Nyimbo zimenezi zinabadwira m'kubwereza. Mu 1978 Brian Eno anatulutsa Music for Airports, chimbale chimene chinatchukitsa dzina loti ambient. Anadula matepi otalika mosiyana, n'kulumikiza nsonga zake kuti azizungulira okha. Popeza utali sunafanane, mawu ankakumana mosinthasintha. Choncho wonena kuti "ndi loop chabe", kutanthauza kachigawo kobwerezabwereza, sanagwire wakuba aliyense.

Bala lenileni linatseguka mu 1992, gulu la ku France la Deep Forest litatenga nyimbo yotonthozera mwana ya mayi Afunakwa wa ku Solomon Islands, imene Hugo Zemp anajambula pa kafukufuku. Nyimbo yawo, Sweet Lullaby, inamveka dziko lonse, koma omvera ambiri ankaganiza kuti mawuwo ndi a ku Africa. Mwini mawu anasowa m'nyimbo yakeyake, ndipo izi n'zimene zimatiwawa kuno.

Kubisa gwero n'kosavuta. Ukachepetsa liwiro ndi theka, mawu amatsika ndi octave imodzi, masemitoni 12. Ukawakoka ndi Paulstretch, pulogalamu yotalikitsa mawu, kugunda kwa dzanja pachikopa kumasungunuka, mbalule n'kusanduka mphepo yolira patali. Wofuna kutsimikiza awirikize liwiro, adule mawu a pansi pa 200 Hz, amvetsere ndi mahedifoni. Ng'oma yowambidwa pamoto, ya phula pakati, imatsika mawu pang'onopang'ono chikopa chikamazizira, ndipo kutsikako sikubisika. Ng'oma ya mu sample pack, mawu ojambulidwa kale a pakompyuta, imalira chimodzimodzi mpaka kumapeto. Nthawi zina mumatulukanso nthungululu za amayi ndi mphepo yowomba maikolofoni ya foni.

Apa mpamene omvera ambiri amasokonezeka: zimbale ziwiri zofanana mawu a pad, aja otalika omveka kumbuyo, sizinaberane ayi, nthawi zambiri ojambula onse awiri anangotsegula preset imodzi, mawu obwera okonzedwa kale m'pulogalamu.

Za Gule Wamkulu n'zolemera kuposa pamenepo. UNESCO inamuzindikira mu 2005 monga chuma cha Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, koma kuzindikirako si chilolezo choti aliyense atenge. Zoimbidwa pabwalo ku Mkaika, pamaso pa Kalonga Gawa Undi mu Ogasiti, zimamvedwa ndi anthu onse; za kudambwe n'za olowa okha, ndipo nyimbo ya pamaliro si yogonekera alendo m'malo ogona. ZAMCOPS, bungwe loona za umwini wa nyimbo ku Zambia, imateteza nyimbo yolembetsedwa m'dzina la woipeka, pamene ya m'mudzi ilibe dzina limodzi lolembetsa. N'chifukwa chake ojambula osamala amayamba kwa mfumu ya mudziwo, amalipira oimba ng'oma, n'kulemba pachimbale maina awo, mudzi ndi tsiku lojambula.