Ndalama zolandidwa kwa zigawenga si malipiro a apolisi

Ambiri amaganiza kuti apolisi a m'mizinda ya ku America akalanda ndalama za ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, amangogawana mawa lake. Si choncho. Ndalamazo zimayamba zasungidwa mpaka boma litazitenga mwalamulo. Mu ndondomeko yogawana ndalama zolandidwa yotchedwa equitable sharing, yomwe inakhazikitsidwa mu 1984, boma la dzikolo limatha kupatsa polisi ya mzinda mpaka 80 peresenti ya ndalamazo. Zimalembedwa paakaunti yakeyake, n'kumagulira zida, magalimoto kapena kulipirira maphunziro. Khonsolo siiloledwa kudula bajeti ya polisi podalira ndalamazi, ndipo lipoti limaperekedwa chaka chilichonse.

Chodetsa nkhawa n'chakuti katundu amatha kulandidwa mwiniwake asanapezeke wolakwa kukhoti. Chigawo cha New Mexico ku America chinathetsa njira imeneyi mu 2015.