Ayi, New Zealand sinalande mfuti zonse

Nkhani yoletsa mfuti za semi-automatic ikangobuka, pamamveka mphekesera yoti boma likufuna kulanda mfuti ya aliyense, ngati mmene akuti zinachitikira ku New Zealand. Limeneli ndi bodza.

Pa 15 Malichi 2019, chigawenga chinapha anthu 51 m'mizikiti iwiri mumzinda wa Christchurch ku New Zealand. Mwezi usanathe, aphungu 119 anavomereza lamulo latsopano, mmodzi yekha ndiye anakana. Linaletsa mfuti zambiri za semi-automatic, zija zimalowetsa zokha chipolopolo china ukangowombera, ngakhale kuti ukakhethemula kamodzi chimatuluka chimodzi basi.

Alenje ndi alimi sanatsale chimanjamanja. Mfuti zing'onozing'ono za .22 zotenga zipolopolo zosapitirira 10 zinaloledwabe, pamodzi ndi zija mlenje amakoka yekha chitsulo kuti chipolopolo chilowe. Zoletsedwazo boma linachita kugula, ndipo zinaposa 50,000.

Dandaulo la eni mfuti linali lomveka ndithu, sindilipeputsa. Ambiri anali osalakwa, lamulo linathamanga, ndipo mfuti yotha ankailipira 25 peresenti yokha ya mtengo wake.