Mafunso amene mukutifunsa pa milandu yomenyana ndi kuvulazana

Chiyambireni nyengo yogulitsa zokolola, pabenchi ya ofesi yathu yolangiza anthu zamalamulo sipakuuma, ndipo ambiri akubwera ndi nkhani za ndewu. Ena akubwerera atakwiya, ati tawakaniza thandizo. Sitinakanize munthu, koma pali zinthu zimene lamulo silitilola kuchita.

Sindinamukhudze, ndinangomukwezera ndodo. Ndi mlandu?

Inde. Kuopseza munthu mpaka aone kuti amenyedwa pompo ndi mlandu pa gawo 253 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, ndipo chilango chimafika chaka chimodzi kundende.

Nanga akavulala?

Zimatengera kukula kwa bala. Kutupa kapena mikwingwirima kawirikawiri zimalowa pa gawo 254, zaka mpaka 5. Kuvulaza modetsa nkhawa, monga kuboola diso kapena kulumaza mkono, ndi gawo 238, zaka mpaka 14. Awa ndi malire apamwamba chabe. Majisitireti amaonanso chida chimene munagwiritsa ntchito, ngati n'koyamba kulakwa, komanso ngati mwavomera mlandu osavutitsa bwalo.

Tinakambirana kwa amfumu, ndalipira mbuzi ndi ndalama za kuchipatala. Bwanji mlandu sukutha?

Funso ili ndi limene ladzetsa mapokoso ambiri pakhomo pathu. Nkhani ikangolembedwa kupolisi, mwini mlandu amakhala boma. Wovulala uja ndi mboni, ndiye kunena kwake kuti wakhululuka sikutseka mlandu pakokha.

Njira yogwirizanitsa anthu ilipo. Gawo 161 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu kubwalo, limalola bwalo kuyanjanitsa anthu pa mlandu waung'ono womenyana, n'kuuimitsa kapena kuuthetsa pamene mbali zonse zagwirizana, mwina polipira chipukuta misozi. Koma wovomereza mgwirizanowo ndi bwalo, osati ife, osatinso amfumu, ndipo njirayi sigwira pa milandu ikuluikulu ngati ya gawo 238. Mbuzi imene munapereka ikhoza kutchulidwa popempha kuti chilango chichepe, ngakhale sitingalonjeze kuti majisitireti aimva motani. Tikuvomereza kuti nthawi zina sitinafotokoze bwino zimenezi, anthu n'kugulitsa chimanga poganiza kuti akalipira zonse zatha.

Kwa wovulala, makamaka amayi omenyedwa m'banja: achibale akakukakamizani kukachotsa mlandu, kauzeni a Victim Support Unit (ofesi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza) kapena bwalo. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola bwalo kupereka chiletso choti wokumenyaniyo asakuyandikireni.

Anayamba ndi iye, ananditukwanira mayi anga pagulu.

Timamvetsa kuwawa kwake, koma kutukwanidwa sikupereka chilolezo chomenya. Kuputidwa kungachepetse chilango, osati kufafaniza mlandu. Kudziteteza n'kololedwa pamene mukuukiridwa, bola mphamvu yanu ilingane ndi choopsacho. Munthu wakuwombani khofi n'kutembenuka kumapita, inu n'kumuthamangira ndi mpini wa khasu, kumeneko ndi kubwezera. N'chimodzimodzi kumenya wakuba amene mwamugwira kale n'kumumanga.

Lipoti la kuchipatala n'lofunikadi?

Kwambiri. Pitani msanga bala lisanapole, ndipo kapepala ka kupolisi kopita nako kuchipatala musakataye. Wina anabwera nalo lipoti lake litanyowa m'jumbo ya matemba, zolemba za dokotala zosawerengeka. Popanda lipoti, mlandu wa gawo 254 ukhoza kutsika n'kukhala wa 253.

Belo ya kupolisi imalipiridwa?

Ayi, ndi yaulere. Womangidwa ayeneranso kuonekera kubwalo pasanathe maola 48, malinga ndi gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko, kupatula ngati maolawo athera pa tsiku limene bwalo silikugwira ntchito.

Kodi mungatilankhulire kwa wapolisi woimira boma pamlandu kuti afewetse nkhani?

Sitichita zimenezo, ndipo wina akakuuzani kuti achita m'dzina lathu mukamupatsa kangachepe, tidziwitseni.